Ndinakameta kwa Erkan

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Foni inalira 10:40 m'mawa, ndili kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndikumwetsa phala agogo a m'chipinda 6. Mzungu wa kudepoti ya mabasi amene mwamuna wanga amayendetsa. Akuti bambo a Shanice agwa akumwa tiyi, asanayambe ulendo wachiwiri. Mtima. Kuchipatala ndinapeza atawafunditsa kale kumaso. Supuni ya phala ija ndaipeza m'thumba la yunifolomu madzulo ano.

Pafiriji pepala likadali pomwepo, lolembedwa ndi dzanja lawo: Istanbul, 14 Okutobala, anthu awiri. Zaka 25 za ukwati.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Nyumba yadzaza. Amayi a kumpingo ku Handsworth akugona pansi pabalaza, kuimba, kuphika. Ndikuthokoza, zoonadi. Koma mabuku anga awalonga m'makatoni kuti papezeke pogona, ndipo Mayi Ellah, mkulu wa amayiwa, achotsa pepala la pafiriji. Kulipinda kanayi. "Izi iwalani, mayi." Anawafunsa ndani?

Ulendowu unayambira kwa Erkan, wometa wa ku Turkey pa High Street. Zaka khumi ndi chimodzi akumeta mwamuna wanga, a Chiukepo. Iwo kubwera ndi nkhani zake, ine kutulutsa mabuku. Ku Zomba ndinkaphunzitsa ana mbiri ya mzinda umenewo ndisanaonepo nyanja yamchere. A Chiukepo anagula kakope kobiriwira, n'kulembamo malo naini oti tikaone.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Tawaika lero. Mvula yowaza. Alamu a Zondiwe kuonera pa vidiyo ali ku Rumphi, netiweki kudukaduka. Erkan anatseka shopu, n'kudzaima kumbuyo kwenikweni. Shanice sanalire mpaka m'galimoto.

Loweruka, 28 Sepitembala

Pasipoti mulibe m'dirowa. Ndasanthula nyumba yonse, mpaka m'makatoni a mabuku. Kumapeto Mayi Ellah avomera pafoni: ili kwa iwo, akundisungira. Alamu a Zondiwe ndiwo anawatuma. Akuti namfedwa sayenda ulendo asanamete, ndipo wondimeta ndi azakhali a malemu, amene adzabwera visa ikatuluka. Mwina pa Pasaka. Mwina.

Kushifiti ndinabwerera Lolemba lapitali, tsitsi lomweli lili m'mutu. Palibe anatsutsa. Kukasambitsa nkhalamba za eni mwambo ukulola. Kukwera ndege imene mwamuna wanga anandisankhira yekha mpando wa pawindo, ayi.

Ine wa zaka 52. Kulandidwa pasipoti ngati mwana woba shuga.

Lamulungu, 6 Okutobala

Kutchalitchi. Patience, mmodzi wa amayi a kumpingo aja, kunong'oneza mnzake, koma mofuna kuti ndimve: holide, dothi la pamanda lisanaume. Nyimbo yonse ndinaimba nsagwada zili gwa.

Shanice akuti, "Mum, that's theft. Call the police." Apolisi, pa mayi amene anagona pansi m'nyumba mwanga masiku 17, nyamakazi ili m'chiuno? Sindingathe. Koma kukwiya kokha ndakwiya, mpaka tiyi kundiwawa m'kamwa.

Mwambowo sindikuukana. Amayi anga anameta bambo atamwalira, ndinaona nkhope yawo itapepuka. Chimene ndikukana n'kuusandutsa loko.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndinapita kwa Erkan. Poyamba anakana, akuti sameta akazi. Ndinamufotokozera za kwathu: tsitsi limene linaona maliro limachoka, lina limere. Kenako anapukuta mpando uja wa pakona, wa a Chiukepo. Makina ozizira pakhosi. Anyamata awiri odikira anaika mafoni pansi. Tsitsi anandisesera mu envulopu monga ndinapempha, n'kundipatsa tiyi wofiira m'kagalasi kopanda chogwirira.

Mabasi awiri mpaka ku Handsworth. Pakhomo pa Mayi Ellah ndinangovula duku.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti wandimeta ndani. Ndinati amene ankameta mwamuna wanga. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pasipoti ili m'kati mwa buku la nyimbo. "Ine ndinadikira miyezi khumi ndi inayi," anatero. "Palibe anandifunsa." Ku Rumphi akanena kuti ndameta. Za wometayo ndikanene ndekha.

Lachitatu, 16 Okutobala, Istanbul

Pahotela mtsikana anafunsa kuti wachiwiri afika liti. Ndinangopukusa mutu.

Malo asanu mwa naini aja ndaona. Amphaka paliponse, onenepa, osaopa munthu. Mumzikiti waukulu uja umene kale unali tchalitchi, akazi onse maduku kumutu, palibe wodziwa kuti langa labisa chiyani. Denga lake ndinalijambulapo ndi choko pabolodi kangapo. Ndinkanamiza ana. N'lalikulu kuposa pamenepo.

Masana sitima yapamadzi yowolokera tsidya la Asia, nambala 6 pa mndandanda. Ndinagula buledi wozungulira wa chitowe, mbalame zoyera kumatsatira sitima. Potsegula kakope kuti ndichonge, kuchikuto chakumbuyo kunagwa kalata yopindidwa. Ya kuchipatala. Kukapimidwa mtima, 29 Ogasiti. Pansi pake dzanja lawo: tikabwerako ku Turkey.

A Chiukepo! Munadziwa. Munaopa kuti adokotala akuletsani ndege, ine n'kusowa denga langa lija. Munandifunsa? Mzinda uwu wakhala pano zaka masauzande, ukanatidikira. Mwezi wathunthu ndakhala ndikukwiyira Mayi Ellah ndi alamu pondisankhira zochita, osadziwa kuti munayamba ndinu.

Buledi yense ndinaponyera mbalame. Sindinatsike tsidya linalo. Ndinabwerera ndi sitima yomweyo.

Lachiwiri, 22 Okutobala, Kings Heath

Alamu a Zondiwe ndinawalembera uthenga pafoni za Erkan. Anawerenga, sanayankhe. Envulopu ya tsitsi ndaitumiza kwa azakhali ku Rumphi, akachite nalo monga amachitira.

Erkan ndamupatsa maswiti a kwawo. Mayi Ellah, duku labuluu. Analandira ndi manja awiri. Kalata ija Shanice sindinamuonetse. Mwina Loweruka.

Mawa shifiti 7 koloko. Mabuku akadali m'makatoni. M'kakope mwatsala malo atatu osachonga. Pashelefu timagalasi tiwiri ta tiyi, kamodzi kakadali m'pepala lake. M'mutu tsitsi layamba kumera, loyera lachuluka kuposa kale.