Therere Laletsedwa ku Msongwe

Achemwali,

Monire a ku Joni. Kuno ku Msongwe tili bwino, kupatula chimfine cha Mzuzu muno.

Ndikulengeza mwachisoni kuti therere laletsedwa m'nyumba muno. Alamu anu a NyaGondwe agamula kuti mwana wanu Tiwonge akalidya asanalembe mayeso olowera ku koleji ya unamwino, mayankho amupulumuka m'mutu.

Ndinati, "A NyaGondwe, ine digiri ndinaipeza ndikudya therere."

Iwo akuti, "Ndiye si iyo inatererekayo? Lero mukugulitsa kaunjika."

Tiwonge sanaseke n'komwe, maso ali pa samu.

Mayeso ndi Loweruka. Mumuimbire foni, koma musamufunse ngati wakonzeka. Mulungu akusungeni.

Za therere ndipirira. Chondiwawa n'chakuti m'nyumba muno ndi iye yekha amene ankaseka nthabwala zanga, ndipo akakhoza achoka.

Ine mlongo wanu,
Chawanangwa