Maliro a Amayi pa Chipata cha Malire

Lolemba, 8 Julyu

Amayi atisiya m'mawa uno, kutsidya ku Malawi, kwa ang'ono awo a Amélia. Anangopita kukacheza masiku atatu. Nyemba zawo zikadali pamphasa momwe anaziyanikira.

Lachiwiri, 9 Julyu

Ine ndi alongo anga a Nércio tinalawira kuti tikatenge thupi podzera kanjira ka padambo. Maola awiri okha wapansi. Mpomwe amayi anadutsa atandibereka kumbuyo pothawa nkhondo, mpomwenso tinabwerera mu 93.

Tapeza chikwangwani chatsopano ndi magwarda awiri olondera malire. Akuti boma lasankha malo olowera m'dziko, ndipo dera lathu lonse chipata chake ndi chimodzi, cha pamsewu waukulu pomwe pali alifandega, ofesi yoona za katundu wodutsa malire. Anthu, katundu, ngakhale maliro.

"Si ife mayi, ndi lamulo," anatero wamkuluyo, maso pansi.

Tabwerera, nkuzungulira kuchipatako pa shapa, kaminibasi. Kufika dzuwa litapendeka. Amayi ndawaona kunyumba yachisoni ya chipatala. Achepa thupi.

Lachitatu, 10 Julyu

Pakufunika kalata ya imfa, chilolezo chodutsira thupi, karimbu, chidindo cha boma, mbali zonse ziwiri za malire.

A Nércio akuti, "Tiwanyamule mamawa padambo pomwepo. Ndani angaimitse maliro?" Ndakana. Atatigwira, bokosi la amayi likhale pansi m'tchire ife tikupepesa? A Amélia akuti tingowaika konkuno, dothi ndi limodzi. Koma amayi ankanena poyera kuti adzagone kwathu ku Lifidzi pambali pa abambo.

A Nércio anditcha wa mapepala. Sakundiyankhula.

Lachinayi, 11 Julyu

Karimbu imodzi yatheka. Wosayina winayo kulibe, akuti mawa. Apongozi aimba foni, adzukulu akufunsa akumbe liti. Anthu pasiwa ayamba kubalalika. Mwina ndalakwa.

Lachisanu, 12 Julyu

Mapepala akwana cha m'ma 10. Tinakweza bokosi pa kamiyau, lole ya mbatata yobwerera yopanda kanthu. Mphepo yolasa m'mafupa.

Pachipata mzere wa magalimoto mpaka pokhota. Wa alifandega, mtsikana, dzina pachifuwa Cátia, anawerenga pepala lililonse osafulumira.  Kenako anafunsa, "Malemuwa dzina lawo?"

"Teodora Sozinho."

"Kwawo?"

"Ku Lifidzi."

Anadinda. Anavula chipewa, napita yekha kukauza madalaivala apatsogolo kuti apatuke. Chitsulo chotchinga msewu anakweza ndi manja ake.

"Alowetseni amayi. Afika kwawo."

Sindinalire Lolemba, sindinalire kuchipatala. Ndalirira pamenepo. Galimoto itayamba kugwedezeka pa msewu wafumbi, a Nércio anasendera pafupi nkunena, "Emília, gwira kumutuku, ine ndigwira kumiyendo."