Kadontho ka Kumanzere

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndisanafunse n'komwe za moyo wanu, pali zinthu zitatu zoti tigwirizane. Choyamba, musaimbire foni Bambo kapena Mayi mpaka mutamaliza kalatayi, ndipo ngati n'kotheka muiwerenge kawiri. Chachiwiri, mufufuze lisiti la kamera imene munagulira Bambo zaka zitatu zapitazo, munditumizire nambala yake yonse, osati yakumapeto yokha. Chachitatu, zithunzi zimene Bambo akhala akukutumizirani kuyambira Febuluwale musafufutepo ngakhale chimodzi. Ndalemba m'malo moimba chifukwa ndimakudziwani, pa foni mukanandidula pakamwa n'kunena kuti ndayambanso.

Tsopano muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kupatula izi ndikufuna kunenazi.

Mukukumbukira kuti chaka chonsechi ndakhala ndikufuna kamera yangayanga. Munthu wokhalira kusuzumira mu maikulosikopu kuyambira m'mawa mpaka kuweruka amafunika chomutulutsa panja. Ndinkafuna yoti wina anagwiritsapo kale ntchito, ya mtundu uja wopanda kagalasi m'kati, yopepuka yoti ndikwere nayo phiri, komanso yosalira kwambiri kuti ndikamajambula mumsewu anthu asamacheuke. Ndinalemba pa pepala mafunso khumi ndi anayi ofunsa wogulitsa. Mlamu wanu atawaona anati, "Pofunsira ine simunafunse ngakhale theka la amenewa."

Ogulitsa asanu ndinawakana. Wina ankalumbira kuti yake ndi yatsopano, koma nditayang'ana m'kati ndinapeza kuti inajambula kale ka 90,000. Wina lenzi yake inali ndi nkhungu, imachita kununkha chinyontho. Wina anandiuza kuti tikumane pa siteji ya basi, anabwera nayo m'jumbo, yopanda bokosi, yopanda chaja, maso ali mwazumwazu. Imeneyo sindinaigwire n'komwe.

Wachisanu ndi chimodzi ndi mmisiri wokonza makamera. Malo ake ali pamwamba pa telala wina, umakwera masitepe opapatiza oti anthu awiri sangapatukirane. Patebulo pake pali tizitsekerero ta mabotolo todzaza timisomali, chilichonse pamalo pake. Zimenezo zinandikhazika mtima pansi pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti wakuba nayenso amatha kusesa.

Anatsitsa kamera pa shelefu n'kundipatsa. Nditaika diso pa kazenera koonera, zonse zinali mbuu.

"Iyi ndi yakufa," ndinatero.

"Yakufa? Bweretsani kuno, achimwene." Anapotokola kagudumu kakang'ono ka pambali pa kazenerako. "Onaninso. Aka n'kosinthira malinga ndi diso la munthu. Mwini wake anakapotokola mpaka kumapeto."

Zoonadi, zonse zinaoneka bwino. Ndinapitiriza ndi pepala langa: batire, mabatani, polowetsa khadi, zomangira lamba. Anandipirira mpaka funso lachisanu ndi chinayi, kenako anati, "Kodi mukugula kamera kapena mukulemba munthu ntchito?"

Funso lomaliza si lofunsa ndi pakamwa. Umachepetsa kabowo ka lenzi mpaka kumapeto n'kujambula thambo lopanda kanthu. Ngati pali fumbi kapena kokandika pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kaja, pamenepo sipabisika. Ndinajambula pawindo lake n'kukulitsa chithunzicho.

Achemwali, pamwamba chakumanzere panali kadontho kokhala ndi kamchira, ngati mbululu.

Kadontho kameneko ndimakadziwa kuposa nkhope yanga. Kuntchito ndinapachika chithunzi cha phiri chimene Bambo anandipatsa, ndipo kwa miyezi ndinkapukuta galasi lake poganiza kuti ndi ntchentche inaipitsapo. Kali m'zithunzi zawo zonse zokhala ndi thambo, pamalo omwewo, mchira kuloza pansi.

Nthawi yomweyo ndinaganiza zoti yabedwa. Ndinayang'ana pakhomo, ndinayang'ana manja a mmisiriyo, ndinafunsa mwaulemu wonse umene ndinali nawo kuti anaipeza kuti.

"Eee, tafika ku upolisi tsopano?"

"Ndikungofuna kudziwa."

"Onse amene amangofuna kudziwa amabweranso ndi anzawo ovala zipewa." Koma anatsegula kabati n'kutulutsa bokosi, chaja ndi kabuku ka malangizo. "Wakuba amabwera ndi kabuku? Anabweretsa ndi mkulu wina waulemu wake, wa jekete la zigamba m'zigongono. Akamalankhula umakhala ngati uli m'kalasi ndipo sunalembe homuweki."

Ndinakhala pansi osauzidwa.

Akuti mkuluyo anabwera katatu. Ulendo woyamba anati kamera ikuonetsa chifunga. Mmisiri anaiyesa, anaipukuta, sanapeze vuto. Ulendo wachiwiri anabwera ataipidwa, akuti ntchito yake ndi yachinyengo. Mmisiri anajambula chikwangwani cha tsidya lina la msewu n'kumuonetsa kuti awerenge. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mnyamata, chifunga chimenechi sukuchiona?" Ulendo wachitatu, mu Febuluwale, sanakanganenso. Anangoika bokosi patebulo n'kunena kuti aigulitse kwa munthu amene adzaisamale, ndipo potsika masitepe anagwira khoma ndi manja onse awiri.

"Mukuwadziwa?" mmisiriyo anandifunsa.

Ndinati ayi. Sindikudziwa chimene ndinanamira. Ndinangomupempha kuti andisungire mpaka Loweruka la sabata yamawa, ndipo anavomera, koma akuti pali wojambula maukwati amene wabwera kale kawiri.

Ndikudziwa zimene mukuganiza, kuti majekete a zigamba ndi ambiri, aphunzitsi opuma ngati Bambo ndi ambiri. Inenso ndinadziuza zomwezo. N'chifukwa chake ndikufuna nambala ija. Koma Lamlungu ndinapita kunyumba, ndipo apa m'pamene ndiyenera kuulula zimene sindikunyadira.

Chikwama cha kamera chili pa msomali pake pabalaza. Mayi atalowa kukhitchini ndinachinyamula. Chimalemera bwinobwino. Nditatsegula ndinapeza dikishonale yokulunga m'thaulo. Munthu amene anachita zimenezo anaganizira ngakhale za kulemera, ndipo sindikukhulupirira kuti anali yekha.

Kenako ndinayamba kuwerenga zinthu zimene zafa m'nyumba muja chaka chino. Galimoto akuti ikuvuta giya, yaima kuyambira Janyuwale, koma makaniko sanaitanidwe. TV akuti ikuonetsa mizere, ine ndinaiyatsa, ilibe mzere. Nyuzipepala anasiya kugula, akuti masiku ano amalemba zachibwana. Ndinafunsa Mayi kuti bwanji zonse zikufera pamodzi.

"Zinthu zimakalamba, mwanangu. Udye kaye, mafunso pambuyo."

"Nanga kamera ya Bambo ili bwino?"

"Ufunse eni ake." Ananena akupukuta mbale youma kale.

Ndinawapeza Bambo pakhonde. Anandizindikira ndisanalankhule, koma pambuyo pake ndinakumbukira kuti makiyi anga amalira m'thumba. Ndinawauza kuti ndikufuna kugula kamera, ndipo anasangalala kwambiri. Anandiphunzitsa kwa theka la ola: phiri ulijambule dzuwa lisanakwere, mumsewu usathamangitse anthu, usankhe ngodya yabwino n'kudikira, munthu adzalowa yekha m'chithunzi. Kenako ndinachita chinthu choipa. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha thambo chija chimene ndinakopera kwa mmisiri, chopanda kanthu kalikonse koma kadontho.

"Bambo, taonani, ndinayesera paphiri."

Anaigwira foniyo, anaiyandikitsa, anaitalikitsa, anapendeketsa mutu monga ankachitira pochonga makope.

"Sizoipa kwa woyamba kumene," anatero. "Koma phiri wailidula pamwamba. Uzisiya malo oti lipume."

Ndinati zikomo, ndidzakonza. Mlamu wanu nditamuuza anandikalipira. Akuti munthu sutchera bambo ako msampha ngati khoswe. Akunena zoona. Koma ndikanapanda kutchera ndikanadziwa bwanji, pamene nyumba yonse yagwirizana?

Tsopano zithunzi zanu. Munandiuza kuti mwezi uliwonse Bambo amakutumiziranibe zitatu kapena zinayi, zatsopano. Muziyang'anitsitse. Nyumba yosanja ya pafupi ndi msika anaigumula chaka chatha. Ngati ikuoneka itaima m'chithunzi cha mu Epulo, ndiye kuti wina akusankha zakale pa kompyuta n'kumakutumizirani, ndipo tonse tikudziwa amene amadziwa kuyatsa kompyuta m'nyumba muja kupatula Bambo.

Mundikhululukire, koma ndifunsenso ichi: kodi inu mukudziwa kale? Mayi amakuuzani zinthu zimene ine sandiuza, poti amati ndimakulitsa nkhani. Ngati mwakhala mukuyamikira zithunzi zakale mukudziwa, mundiuze, ndisamadzione ngati ndine wochenjera pamene ndine wotsalira.

Ndinafunsa dokotala wa maso wa kuntchito kwathu, osatchula dzina. Akuti ikakhala ng'ala, ndi ntchito ya tsiku limodzi ndipo munthu amaonanso. Koma akuti palinso matenda ena amene chimene chapita chapita, ndipo mwezi uliwonse wochedwa umadyako. Sanganene popanda kuona munthu. Ine ndikawauza Bambo, adzati ndayamba kuwayeza ngati magazi a m'botolo, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Inu amakumverani. Mukanena kuti mukufuna akayezetse, adzadandaula sabata yonse koma adzavala jekete.

Za kamera sindikudziwa chochita. Ndikaigula n'kuibweza pa msomali, ndawauza kuti ndikudziwa. Ndikaigula n'kuisunga, ndikhala ngati ndalowa chokolo mwini wake ali moyo. Ndikaisiya, ipita kumaukwati. Yankho lililonse ndalilembera ubwino ndi kuipa kwake, ndipo mapepala akwana atatu popanda chotuluka.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mlamu wanu akupereka moni, akuti musandimvere zonse koma izi zokha mundimvere. Mayi akuti muzivala zofunda. Bambo nditawatsanzika anandiperekeza mpaka pageti, dzanja lili paphewa langa, zimene sanachitepo chiyambire. Ndinkayesa chikondi, mwina n'chikondi ndithu. Akuti ndikuuzeni kuti kumapeto kwa mwezi uno akwera phiri, akutumizirani zabwino kuposa zonse.

Chonde musadikire kuti mupeze mawu abwino. Muyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri, Loweruka lija lisanafike.

Ndine mlongo wanu,
Wachiwiri kubadwa