Musatumize Lamba Uja

Pa 9 Julaye

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndiponso kuti mwendo uja sukukuvutani ndi kuzizira kuno. Ife tilipo. Makina anga osokera ayamba kulira ngati mbuzi yanjala, koma akusokabe, ndiye sindidandaula. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni mumangoseka n'kumati zonse zili bwino, ine n'kuseka nawo, foni n'kuduka tisanakambe kanthu. Pepala lokha simungalidule mawu.

Nkhani yake ndi ya lamba. Ndinamva alamu anu akukupemphani pafoni kuti muwatumizire lamba wanu wa usilikali, wa chitsulo chachikulu kutsogolo uja, inu n'kuvomera msanga ngati akupemphani machesi. Chonde musatumize. Werengani mpaka kumapeto, kenako munditchule wamisala ngati mukufuna.

Mukudziwa kuti chibwerereni kunkhondo kuja alamu anu anasanduka munthu wa mawu ochepa. Amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amadya, amagona, basi. Chaka chatha anayamba kuunjika zitsulo zotha ntchito kuseri kwa nyumba, pomwe ndinkayanika zovala. Ndinalalata, pakamwa panga mukupadziwa. Koma tsiku lina ndinawamva akuimba mluzu ali pakati pa zitsulozo, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti amatha. Ndinamasula chingwe changa mwakachetechete n'kukachimanga kwina.

Chimene chatuluka pamenepo sindichidziwa dzina. Thupi lake ndi mgolo wa mafuta, miyendo ndi zitsulo za pansi pa lole, khosi lalitali analiluka ndi matcheni a njinga, ndipo mapiko ake afika pa denga la bafa. Pamsana pali zogwirira ngati za m'basi. Maso chili nawo kutsogolo ndi kunkhongo komwe, onse a nyali za njinga. Ana a m'dera lino amachitcha Chinkhuku. Eninyumba anabwera, anachizungulira manja ali kumbuyo, n'kundifunsa chapansipansi ngati chimauluka. Ndinawauza kuti chikadzauluka tidzayamba kukweza iwo ndi akazi awo.

Tanthauzo lake anandiuza okha, ndisanafunse, tsiku lina ndikuwathirira madzi m'manja. Akuti mutazingidwa paphiri paja, mukudikira ndege imene sinabwere, mnzanu wa wayilesi uja, amene munkamutcha Kawayilesi, anayambitsa masewera kuti anthu asalire. Anati ndege isiyeni, kukubwera chilombo chodzatinyamula tonse, ndipo aliyense atchule chiwalo chake. Wina anati mapiko, wina anati msana wotakata, wina anati chisakhale ndi pakamwa kuti chisatifunse mafunso. Akuti inu ndi amene munati chikhale ndi maso kunkhongo, kuti pouluka chione ngati chasiya munthu. Achimwene, zimenezi simunandiuzepo. Ine ndimakudziwani ngati munthu woba nyama m'poto n'kunamizira mphaka, sindinkadziwa kuti mumatha kunena mawu otere. Ndinakalira kubafa.

Nthenga za m'mapiko ndiye mtima wa ntchito yonseyi. Nthenga iliyonse ndi ya munthu mmodzi amene anatsala paphiri paja, ndipo imadulidwa kuchokera ku chinthu chake chenicheni. Alamu anu anayenda khomo ndi khomo kwa amasiye ndi makolo. Mkazi wa Kawayilesi anabweretsa chivundikiro cha poto chimene mwamuna wake ankachimenya ngati ng'oma akaledzera. Amayi a mnyamata uja amene anamwalira asanamere ndevu anabweretsa mbale imene ankadyera ali kusukulu. Ena anabweretsa khasu, ena madigadi a njinga. Amabwera Lamlungu masana, aliyense n'kufunafuna nthenga yake, n'kuisisita, kulira pang'ono, kenako n'kuyamba kuseka nkhani za malemuwo. Ine ndinkawaphikira tiyi mtima uli m'malo. Ndinkati mwamuna wanga wapeza mankhwala amene achipatala analephera kumupatsa.

Mwezi wathawu ndinaona kuti mapiko adzaza, kupatula mipata iwiri kumanzere, pafupi ndi thupi. Ndinafunsa kuti, "Kodi pali amene sanabweretsebe?"

Anayankha osandiyang'ana. "Alipo awiri. Angochedwa chabe."

Sindinaganize kanthu. Koma m'masiku omwewo anayamba zinthu zachilendo. Anakonza chitseko cha kuchipinda chimene ndakhala ndikuwadandaulira kuyambira mwana wathu, mphwanu uja, ali kumsana. Anapereka zida zawo zina kwa mnzawo wowotcherera naye. Anandiitana n'kundionetsa potsekera madzi paipi ikaphulika, ngati kuti iwo sadzakhalapo. Munthu wina akanasangalala kuti mwamuna wasintha. Ine ndinayamba kuwayang'anitsitsa.

Kenako kapu yawo inasowa. Mukuikumbukira, yachitsulo yophwanyika pambali ija, imene anabwera nayo kunkhondo, ndipo samwera tiyi m'kapu ina ayi. Ndinaifuna m'khitchini monse, mpaka ndinakalipira mphwanu popanda chifukwa. Ndinakaipeza pa benchi yawo kuseri, pafupi ndi chodulira zitsulo, itajambulidwa ndi choko. Mzere wa chokowo unali wa nthenga. Madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene anakuimbirani foni za lamba. Pagulu lonse lija munabwerako awiri, inu ndi iwo, ndipo mipata ndi iwiri.

Sindinagone bwino, koma kutacha ndinadziwa chochita. Ndinatenga sizasi yanga yaikulu, yodulira nsalu ija, n'kukaiika pambali pa kapuyo. Ndinakhala pa njerwa n'kumawadikira.

"Sizasi iyi ikutani pano?" anafunsa atafika.

"Ikudikira nthawi yake. Mukatha kudula kapu, mudule imeneyo. Mundipezere kampata nanenso."

"Amayi, musaseweretse zinthu izi. Inu simunapiteko kunkhondo."

"Sindinapiteko, eya. Koma nkhondoyo munabwera nayo m'nyumba muno. Zaka zonsezi ndimaiphikira, ndimaichapira, ndimagona nayo bedi limodzi. Ndiye musandiuze kuti sindikuidziwa."

Anasisita phiko ndi chala. Kenako anati, "Ine ndi alamu anga tinatsala paphiri pomwepo. Chimene chinabwera kuno ndi miyendo chabe."

"Miyendo yomweyo ndikuifuna," ndinatero. "Mwana wanunso akuifuna. Chilombo chanu chinyamule amene anagona, oyenda chiwasiye."

Achimwene, bambo wamkulu uja anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana. Chikwatirane sindinawaonepo akulira choncho, ngakhale pamaliro a amayi awo. Ndinawagwira mutu. Mawa lake kapu ndinaipeza pa tebulo la m'khitchini, sizasi ili pambali pake, atainolanso bwinobwino. Kapuyo ndinaitsuka choko ndi sopo, n'kuthiramo tiyi, iwo n'kumwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti nkhani inathera pomwepo, koma ndingakunamizeni. Mluzu uja unasiya. Akaweruka amakaima patsogolo pa mipata ija, manja ali m'thumba, mpaka ndikawaitane kuti chakudya chikuzizira. Ndinawapempha kuti tipite kwa adokotala oona za maganizo, amene anathandiza mwamuna wa mnzanga wa kumsika, ndipo anangoti tiona. Nditawafunsa ngati za kapu zatha, anandiyankha kuti, "Kapu singalowe yokha popanda lamba. Zinabwerera limodzi, zidzalowera limodzi." Ndiye mukuona, achimwene, chimene chawagwira panopa ndi lamba wanu. Tsiku lililonse ndikamva njinga yamoto yaima pageti, ndimathamangira panja poganiza kuti phukusi lanu lafika.

Pali funso limene ndalizengereza kuyambira pamwamba pa kalatayi. Munavomera msanga kwambiri. Simunafunse n'komwe kuti lamba wakale akufuna atani naye. Ndakhala ndikudziuza kuti ndi kupusa kwanu kwa masiku onse, kuti munaganiza kuti akusowa zitsulo. Koma inu ndi amene munapempha maso a kunkhongo, ndipo mukukhala nokha kumeneko, m'kachipinda kamene sindinakaonepo, mukuseka pafoni. Ngati munadziwa chimene ankatanthauza n'kuvomerabe, ndiye kuti mantha anga si a munthu mmodzi. Ndili ndi mwamuna mmodzi ndi mchimwene mmodzi, ndipo sindikupereka aliyense wa inu ku phiko limenelo.

Bwerani, ndi pempho langa lokhalo. Ine amandimva ndi khutu limodzi, koma inu munali nawo paphiri paja. Mudzakhale nawo pansi pa Chinkhuku chawocho, mudzakambe zimene simukamba ndi ife, mudzatukwanane ngati mukufuna. Kwa adokotala kuja mwina angapite mutatsogola inu, ndipo mukakalowa musadzangowadikira panja. Mipata iwiriyo ikhale yosatseka, anthu akafunsa tizidzawauza kuti eni ake akadali ndi zochita.

Mphwanu akupereka moni, akuti mudzamubweretsere chilichonse kupatula malangizo. Mkazi wa Kawayilesi amakufunsani nthawi zonse, akuti mwamuna wake ankakutchulani m'makalata ake onse ndipo akufuna aone nkhope yanu. Alamu anu sakudziwa kuti ndalemba, koma ndidzawauza ndekha mukangoyankha. Bedi la kuchipinda chaching'ono ndayala kale, ndipo chitseko chake tsopano chimatsekeka.

Lambayo ndikufuna ndimuone akulowa pageti ali m'chiuno mwanu, akugwira buluku monga mwa ntchito yake.

Ndine mlongo wanu amene akukudikirani,
Wapakamwa uja