Chitini cha pa Mpando wa a Wilf

Loweruka, 12 Ogasiti

Mpira woyamba wa ligi pakhomo, pa Tenter Lane. Woyambanso wopanda amuna anga, ngati n'koyenera kutero, poti ndinapita nawo. A Wilf m'chitini cha mabisiketi, chitini m'chikwama. Chomwe anatipatsa kootchera maliro chinali chachikulu ngati mphika wa maluwa, m'chikwama sichikanalowa, ndiye ndinawasamutsa ndekha patebulo la kukhitchini. Munthu wowonda uja, phulusa lake kulemera chonchi. Phewa likuwawa mpaka pano.

Mawu awo kuchipatala mwezi watha: "Akazi anga, mukandimwaze pagolo lakunjanji. Koma tsiku loti timu yathu ya Calderby yapambana pakhomo. Kugonja ndagonja kokwanira ndili moyo." Ndinalonjeza. Ndinkayesa ndi nkhani ya Loweruka limodzi.

Atichinya ziwiri kwa duu. Tabwerera tonse pabasi.

Loweruka, 23 Sepitembala

Tiketi ya chaka chonse anagula asanadwale, ndiye mpando ndi wawo. Ndimawakhazika pomwepo, mzere wachitatu kuseri kwa golo, chitini nditachikulunga sikafu yawo yabuluu. Bambo wina anafuna kukhalapo. Ndati pali munthu. Wayang'ana chitini, wayang'ana ine, wapita.

Pageti, Parveen, mtsikana wosecha zikwama, lero anatsegula chitini. Akuti chakudya amalola, koma ichi n'chiyani anti? Ndati ndi amuna anga, tiketi yawo iyi. Anatseka bwinobwino ndi manja awiri. Mwana woleredwa ameneyu.

A Sugden, omwe akhala kumanzere kwathu kuyambira mwana wathu Lorna ali wakhanda, akuwapatsabe moni a Wilf. "Mwaswera bwanji achimwene? Lero muonanso zoopsa." Sanalakwe. Chimodzi kwa chimodzi. Goloboyi wathu Pogson, mimba patsogolo, manja ngati dengu lobooka. Kampira kochita kugubuduka, koti ine ndi bondo langali ndikanakagwira, iye kam'dutsa pakati pa miyendo.

Lachitatu, 18 Okutobala

Ndinapita ku ofesi ya timu kukanena mwaulemu. Bambo wa tayi wa pamenepo akuti phulusa limawononga kapinga, pali kadimba ka chikumbutso kuseri koimika magalimoto. Kuwononga kapinga. Anyamata khumi ndi mmodzi akuwononga kapinga ameneyo Loweruka lililonse, n'kumalipidwanso. A Wilf anyowa pabwalo limenelo kuyambira ali ndi tsitsi, lero akagone pafupi ndi mabini? Ndamuuza kuti sindinabwere kudzapempha, ndimangomudziwitsa.

Ndapsa mtima mpaka ndaiwala kugula mkaka. Tiyi wakuda.

Lamulungu, 5 Novembala

Dzulo tapambana. Koyenda. Mxii.

Lorna waimba m'mamawa. Akuti kupambana n'kupambana, tikawamwaze kumtsinje zithe, anthu ayamba kundilankhula. Azilankhula, pakamwa ndi pawo. Bambo ake anati pakhomo. Iye anakwatiwa ndi munthu wochemerera timu ya pa TV yomwe bwalo lake sanalipondepo, ndiye angadziwe chiyani.

Akutinso sindikufuna kuvomereza kuti anapita. Ndinavomereza kalekale, nyimbo za pamaliro ndinasankha ndine, nsapato zawo ndinapereka ndine. Amene sakuvomereza ndi otchinga kumbuyo athu, kuti mpira wa pakona umafunika kuulumphira.

Lachiwiri, 26 Disembala

Tinali patsogolo ziwiri kwa duu, chigawo chachiwiri chili pakati. A Sugden anayamba kale kutsanzika: "Muyende bwino achimwene, mukawauze kumeneko kuti tayamba kumenya mpira." Tepi ya pachivundikiro ndinali nditamatula. Ndi Parveen tinapangana kuti wenzulo ikalira iye ayang'ane kumbali, ine nditsamire pakhoma n'kukhuthulira paukonde.

Kenako nkhungu, yochokera kumtsinje. Golo lakutali linasowa. Mzere wapakati unasowa. Mapeto ake Pogson, yemwe amaima pamphuno pathu penipeni, tinkangomumva kutsokomola. Woyimbira wathetsa mpira. Akuti udzaseweredwanso, kuyambira duu kwa duu.

A Sugden akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwazani lero lomwe, ziwiri zija tonse taziona ndi maso. Ndati a Wilf mpira wosatha sankauwerengera, ndiwanamize lero poti sangayankhe? Ndamata tepi ina.

Kunyumba ndadula keke ya Khirisimasi magawo awiri, ndadya onse ndekha. Ndalira. Kaya ndi chifukwa cha iwo, kaya woyimbira uja.

Loweruka, 20 Januwale

Chimfine, chifuwa ngati injini ya basi. Lorna anati ndisayerekeze kutuluka. Ndapita. Nanga akanapambana ine ndili m'bulangete, nkhope ndikanaiika kuti?

Duu kwa duu. Anthu ochepa oti n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi. Payi wanyama wogula pabwalo, wozizira pakati. Pa nthawi yopuma a Sugden anakumbutsa za tsiku lomwe ndinakumana ndi a Wilf, kuseri kwa golo lomweli, kulibe mipando nthawi imeneyo, tonse choimirira. Chigoli chitalowa, munthu wosam'dziwa anandithira tiyi pa khoti yanga yatsopano. M'malo mopepesa, anati khoti imeneyi ndi yamwayi, mudzavalenso Loweruka. Ndinamutukwana. Loweruka ndinavala.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Tamvera pawailesi, eni ake osatiuza. Mwini timu wagulitsa Tenter Lane. Amangapo nyumba. Ligi ikangotha mathirakitala alowa, chaka chamawa tizikabwereka bwalo la tauni ina, mabasi awiri kupita. Kochi achotsa, wabwera wina wodziwa kulankhula. Pa ligi tili kumchira kwenikweni.

Ndiye golo lakunjanji latsala ndi mipira yowerengeka. Ndawauza a Wilf ndikutsuka mbale. Ndati mwaona zomwe mwandiika? Mukanangoti mukandimwaze, basi, ngati anthu ena onse. Koma ayi, makani mpaka m'chitini.

Lorna akuti phindu lake n'chiyani, poti adzakhala pansi pa khitchini ya munthu. Ndati adzamange zawozo, bola bambo ako alowe golo likadaimirira. Ndipo pa tsiku logonja sindiwamwaza, kaya dziko ligwe.

Lachitatu, 13 Malichi

Mpira wa nkhungu uja anaubwereza dzulo. Kumwamba kuli mbee. Atichinya zitatu. Sindilemba zambiri.

Loweruka, 13 Epulo

Tatuluka mu ligi. Zatsimikizika lero. Anthu anayamba kunyamuka mpira usanathe, ena kuponya masikafu m'bwalo. Ine sindinachokepo wenzulo isanalire, sindiyamba lero. Ochemerera alendo kuimba nyimbo zotitsanzika, kutibayibitsa ngati takwera sitima. A Sugden anaimirira n'kuwavulira chipewa. Ine ndinakweza chitini m'mwamba ngati chikho. Kaya anayesa chiyani, zawo zimenezo.

Watsala umodzi pakhomo. Chaka chonse chathunthu osapambana pabwalo lathu lomwe. Zamanyazi, koma manyazi ake ndi athu.

Lorna wabwera ndi tchipisi. Wati mpira womaliza apita nawo, ndipo tipambane tisapambane, adadi atsale pabwalopo. Ndati tikagonja ndibwerera nawo, azikhala pashelefu mpaka nanenso ndidzapite, udzatimwaze limodzi komwe ungafune. "Amayi, kodi mukufunadi kuti apambane?" Ndamuthamangitsira kukhitchini akatereke ketulo. Funso lamwano.

Loweruka, 27 Epulo

Womaliza. Bwalo lodzaza thoo, nkhope zomwe sitinazione chaka chonse, ena ndi masipanala m'thumba kuti amasule mipando akasunge kwawo. Pa nthawi ya chisanu anali kuti? Lorna anakhala pampando wa bambo ake, chitini pamiyendo panga.

Tinagoletsa chigawo choyamba. Chigoli chonyansa, mpira unagunda bondo la munthu n'kugubudukira mkati, koma ukonde sufunsa. Kuchoka pamenepo anyamata anangotseka pakhomo, kumenyera mpira kulikonse, wina unakagwera panjanji. Mphindi zomalizira, kutsogolo kwathu penipeni, wotchinga kumbuyo wathu anagwetsa munthu. Penate. Pogson akupukuta manja pamimba. A Sugden anatembenuka kuyang'ana kukhoma.

Ndilembe zoona, poti wowerenga ndine ndekha. Mnyamata wa alendo uja akuika mpira pamalo pake, mumtima mwanga ndinati goletsa. Goletsa mwanawe, ndibwerere nawo kunyumba. Ine Glenys Holroyd, ndakalambira kuseri kwa golo limeneli, lero kupempherera mlendo. Chitini ndinachikumbatira mpaka chinapindika m'mbali.

Pogson anagwira. Osati kuphula ayi, kugwira, n'kugona nawo pansi ngati mwana wake. Dengu lobooka lija. Chaka chonse anasungira lero.

Wenzulo. Anthu kukhamukira m'bwalo monga timachitira pa mpira womaliza. Ine ndinangokhala pampando. Lorna anangondigwira pachigongono n'kundidzutsa. Parveen anatsegula kageti komwe saloledwa kutsegula. "Anti, ankolo adikira mokwanira." A Sugden anandigwira mbali inayo. Bambo wa tayi uja anatiimira kutsogolo, akuti mayi, tinakambirana. Ndati inde tinakambirana, tapatukani.

Ndinawamwaza pamzere wa golo, mtengo mpaka mtengo, ndi dzanja langa. Pogson anavula magolovesi n'kuima pambali. Mphepo inatengako pang'ono n'kupaka pajekete ya a Sugden, iwo osasasa. Ndinati pitani, amakani inu, mwapambana. Pozungulira ponse anthu akuvina ngati tatenga chikho, timu yoti inatuluka kale mu ligi. Ndinalira poyera, sindinabise. Ndawasowa, ndipo lero ndi pamene apitadi.

Lolemba, 29 Epulo

Chikwama chapepuka, moti potuluka ndinabwerera m'nyumba, ndimayesa ndaiwala china. Chitini ndatsuka, ndawongola pomwe panapindika. Choikamo sindikuchidziwa. Mabisiketi ayi.

Lorna akuti tsopano ndipume. Bondo, mabasi awiri, ligi yapansi, bwalo la eni ake. A Sugden akuti iwo basi atopa, koma amanena zimenezi chaka chilichonse. Ine sindisiya timu chifukwa yagwa. Mwini timu anagulitsa dothi, ife sanatigulitse.

Matiketi a chaka chamawa ayamba kugulitsa lero, ndiye ndinapita. Pawindo bambo wa tayi yemwe uja, osandiyang'ana m'maso. "Angati, mayi Holroyd?"

Pakamwa panatuluka kuti awiri. Iye anayamba kale kudinda. Ndinagwira pakauntala.

Ndati ayi. Imodzi. Kuseri kwa golo.