Chivundikiro Chimene Ndinaonetsa Dzuwa

Kaunda Square, Lusaka
Novembala 1978

Okondedwa akulu anga a Nicodemus,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja, kutupa kunaphwa? Ife kuno matenda palibe, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndikadali pa galaja ija ya ku Heavy Industrial Area, pa ntchito imene mumandiseka nayo kuti ndinabwera m'tauni kudzakwecha mapoto. Chaka chino tinalandira galimoto yakalekale ya a Chishimba a ku Kabulonga, imene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo ufulu utangobwera. Zipangizo zake sizipezekanso m'sitolo, choncho chilichonse chosweka timachita kuwotcherera. Chivundikiro cha injini yake n'cha aluminiyamu, ndipo chinali ndi mng'alu. Anachiwotcherera ndi mnzanga Abednego. Aluminiyamu ndi wachinyengo, akulu. Safiira ngati chitsulo kuti udziwe kuti watentha, amangosungunuka mwadzidzidzi n'kuyenderera ngati phala. Abednego yekha ndiye amamudziwa mtima. Ine yanga inali kusalaza ndi sandipepa, kenako polishi, mpaka munthu azidziona mano.

Tsono ife opukuta tili ndi chizolowezi chathu. Ukamaliza sudalira getsi la m'kati. Umatulutsa chinthucho padzuwa n'kumachitembenuza uku ndi uku kuti uone ngati patsala pokandika. Ndi zimene ndinachita m'mawa wina sabata yatha. Ndinaima pabwalo, chivundikiro m'mwamba, kuwala kukuthwanima mpaka pa makoma a anzathu, ine n'kumanyadira ngati chitsiru. Posakhalitsa tinamva ndege za ku Rodeshiya, kenako mabomba kunja kwa mzinda. Ndinasiya chivundikirocho pabenchi n'kuthamangira kunyumba kukaona mlamu wanu Emmy, paja ndi woyembekezera.

Ine nditachoka, kunafika anyamata a chipani cholamula. Wina anali atawauza kuti pagalaja pathu pali munthu amene amalozera ndege njira ndi galasi. Anapeza Abednego atanyamula chivundikirocho kuti achilowetse m'kati. Mlonda wathu akuti mmodzi wa iwo anakuwa kuti, "Ni uyu wamene! Mudala, ma ndeke yako yabwela, manje tiye ukakambe bwino." Anamumenya n'kupita naye, chivundikirocho anatenga ngati umboni.

Mpaka lero sanabwere. Mkazi wake Perpetua wazungulira mapolisi onse, amangomuuza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu. Ndinapita kwa a Chishimba kuti atithandize. Anandilankhula pageti osatsegula n'komwe, ati galimotoyo sakuifunanso ndipo dzina lawo lisatchulidwe. Galimoto imene ankabwera kudzaisisita Loweruka lililonse! Zina zonse zimene ndinapukuta ndazipaka oyilo wakuda n'kuzifunditsa masaka. Ngakhale supuni ikanyezimira kunyumba kuno, ndimadzidzimuka.

Akulu, ndikuopa. Galimoto ikaima panja, ndimathamangira kukasuzumira pazenera. Perpetua sadziwa kuti amene anaima padzuwa paja ndi ine. Dzulo anabwera kudzandithokoza, ati pagalaja ponse ndine ndekha amene ndimamuperekeza, ndipo ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Abednego yekha akudziwa. Poti palibe amene wabwera kudzanditenga, ndiye kuti sananditchule, kaya akumuchita zotani kumeneko.

Emmy akuti ndikhale chete, mwana asadzabadwe wopanda bambo. Sindinganene kuti akulakwa. Koma Lolemba ndipita kupolisi nditatenga sandipepa, polishi ndi kachidutswa ka aluminiyamu, ndikawaonetse mmene timagwirira ntchito, ndikawauzenso kuti munthu anamuona uja ndine. Mwina akandimvetsa, mwina akanditsekera pamodzi naye.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, kwerani basi mudzamutenge Emmy akachirire kumudzi. Musadikire kumva za ine. Amayi mungowauza kuti tikuthawitsa mpongozi wawo ndege, zinazi mtima wawo sungazipirire.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume a ku Chadiza ndi ana onse. Mundikumbukire m'mapemphero. Akabadwa wamwamuna ine kulibe, mudzamutche Abednego.

Ndine mng'ono wanu,
Phineas