Mlandu wa Firiji ndi Kabokosi ka Injiniya

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA BANDI YATHU

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Chipinda choyesereramo nyimbo, pamwamba pa shopu ya matayala
Nthawi yoyamba: 2:20 masana (tinapangana 2:00)

Amene analipo: Wapampando (mayi woimba patsogolo), a Besi (ali m'bandi muno chaka cha makumi awiri ndi zitatu), Injiniya (woimba gitala, sukulu ya uinjiniya sanapiteko), Wang'oma, a Dalaivala, Mlembi (woimba kiyibodi, mlamu wawo wa a Besi).

Amene sanabwere: Walipenga, anapepesa kuti akukazulitsa dzino.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anapempha Wang'oma kuti aike timitengo take pansi. Anaika kamodzi, kena anatsala nako.

2. Za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga kuti mwezi watha komiti inagwirizana zopumitsa Firiji, chiampu chachikulu chokuzira mawu a besi chimene chimafuna anthu atatu kuti chikwere masitepe makumi awiri ndi awiri a nyumba ino. M'malo mwake a Besi anapatsidwa kabokosi ka Injiniya koponda ndi phazi, kamene kamatsanzira kulira kwa maampu a gitala n'kutumiza mawu molunjika ku mikisa, chida chosakanizira mawu a bandi yonse. A Dalaivala anati komiti ino sinapangepo chigamulo chanzeru ngati chimenechi, ndipo msana wawo ukuchitira umboni. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Kulira kwa besi

Injiniya anati kabokosiko kali ndi maampu makumi anayi m'mimba mwake, koma kamakwana m'thumba la jekete. Wang'oma anati mwa makumi anayiwo palibe ngakhale imodzi ya besi. Anati besi ikulira ngati udzudzu wa m'chitini, moti pa ukwati wa sabata yatha mayi wina anabwera kudzafunsa ngati woimba besi sanabwere, chonsecho a Besi ali chilili pomwepo, thukuta lili kamukamu.

Injiniya anavomera kuti kabokosiko anakapangira gitala, ndipo mbali yake yotsanzira sipika imadula mawu a pansi chifukwa gitala sifika kumeneko. Anati mbali imeneyo imatheka kuzimitsa. Atafunsidwa chifukwa chimene sanaizimitsire kale, anati palibe anamufunsa. Mlembi akukumbuka kuti anamufunsa kawiri.

4. Kaimbidwe ka a Besi

Wapampando anati mfundo iyi ikuwawawa kuinena. Anati vuto si kulira kokha. Mwezi uno a Besi akumatsalira, pena kutsogola, ndipo pa ukwati uja analowa m'nyimbo yachiwiri anzawo adakali mu yoyamba. Mwini holo imene timaimbako Lachisanu lililonse wachenjeza kuti zikapitirira apeza bandi ina. Wapampando anati pali maganizo akuti a Besi apume, ndipo mnzake wina wa Injiniya alowe m'malo mwawo.

Injiniya anati maganizowo si ake. Palibe anali atanena kuti ndi ake.

A Besi anaimirira, natembenukira kukhoma, nayamba kukulunga chingwe chawo.

Wang'oma anati wakhala kumbuyo kwa a Besi zaka khumi ndi zisanu, ndipo sanawaonepo akuimba osakhala pa Firiji kapena kuitsamira. Anati mwezi uno amangoima pakati pa siteji ngati munthu wodikira basi. Kenako anafunsa kuti, "Achimwene, ndikunama kodi?" A Besi sanayankhe. Anafunsanso mokweza, koma iwo anapitiriza kukulunga chingwe. Wang'oma anaponda ng'oma yaikulu kamodzi, ndipo a Besi anatembenuka nthawi yomweyo.



A Besi anakhala pansi nati: "Chabwino, mwandigwira. Makutu anayamba kunditaya, chino ndi chaka chachitatu. Lakumanzereli linapita kale, lakumanjali likulongedza katundu. Nyimbo ine ndimaimva ndi msana. Firiji ikamagunda kumbuyoku, ng'oma ikugunda m'matabwa, ndimadziwa pamene tili. Chindipatsireni kabokosi kaja ndimangoyang'ana milomo ya amayiwa n'kumalota."

Wapampando anafunsa chifukwa chimene sananenere tsiku lija tinkavota. A Besi anati, "Ndi bandi iti ingasunge woimba wosamva? Komanso misana ya anthu inali itandipirira zaka zambiri."

Mlembi akuvomera pano kuti amadya ndi a Besi tebulo limodzi Lamulungu lililonse, ndipo zaka zitatu zonsezi ankadandaula kwa mchemwali wake kuti anakwatiwa ndi munthu wamwano, wosayankha akalankhulidwa. Mlembi anachita manyazi kwambiri. Zimene zinanenedwa m'mphindi ziwiri zotsatira sanathe kuzilemba.

5. Chigamulo

Injiniya, akuyang'ana nsapato zake, anati mawu a besi angathe kugawidwa pawiri. Chingwe chimodzi chidzere m'kabokosi, mbali yotsanzira sipika itazimitsidwa, kupita ku mikisa. China chipite molunjika ku Firiji osadulidwa kanthu. Anati maganizo awa okha ndiwo ake, ndipo alembedwe choncho. Alembedwa.

A Dalaivala anafunsa ngati kulibe kabokosi kotsanzira kugwedeza msana. Atauzidwa kuti kulibe, anavula jekete, nati iwo agwira kumunsi kwa Firiji, kolemera.

Msonkhano unaima kuti Firiji ikatengedwe kumene inasungidwa, kuseri kwa matayala akale m'shopu ya pansi. Wapampando anakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo ananyamula chingwe. Pa sitepe ya khumi ndi chinayi a Dalaivala ananena mawu amene Wapampando analamula kuti asalembedwe.

Zingwe zitalumikizidwa, a Besi anakhala pa Firiji, Wang'oma anawerenga mpaka zinayi, ndipo analowa limodzi ngati kale. Magalasi a mawindo ananjenjemera. Posakhalitsa mwini shopu anayamba kugogoda kudenga kwake ndi chitsulo kuti tichepetse phokoso. A Besi anayang'ana pansi nati, "Amene akugogodayo muuzeni kuti akutsalira."

Komiti inagwirizana, popanda wotsutsa, kuti a Besi sapuma, Firiji yabwerera pa ntchito, ndipo kabokosi katsale kothandizira.

6. Zina ndi zina

(a) A Besi apita kukaonetsa makutu kuchipatala Lachiwiri. Anakana, koma mavoti anawaposa. Mlembi awaperekeza.

(b) Injiniya anati Firiji iikidwe matayala. A Dalaivala anati akapeza matayala okwera masitepe abwere nawo.

(c) Mlembi anafunsa mlamu wake ngati abwereze zonse zimene wakhala akuwauza zaka zitatu zapitazi. A Besi anati ayi, ubwino wokha wa matendawa unali umenewo.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Julayi, nthawi ya 2:00 masana, malo omwewa. Wolankhula aziyang'ana a Besi kumaso.

8. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4:05. Palibe anatsika masitepe, chifukwa a Besi anali adakali pa Firiji, maso ali otseka, atayamba nyimbo yachiwiri ya pa ukwati ija. Aliyense anakatenga chida chake, ndipo Mlembi anaika cholembera pansi.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________